Kiliniki ya matailosi oyera: sikelo yabwino, koma mapiritsi oletsa matenda a kubereka anali a kale

Amayi angapo a ku mvano ndi anzanga a ku sukulu kumene ndimaphunzitsa akhala akundifunsa za kiliniki yolipira imene ndinkayendako sikelo, poti ankandiona ndikutsika minibasi pageti pake mwezi ndi mwezi. Yankho langa lakhala la mawu atatu, "ndi yabwino, koma," ndipo ndisanamalize mwana amalira nkhani n'kuthera pomwepo. Lero wagona msanga, ndiye ndilembe zonse. Dzina la kilinikiyo sinditchula, ngakhalenso la chipatala chaboma kumene ndinakachirira. Amene mumandidziwa mukudziwa kale, ndipo amene simundidziwa, makiliniki otere ali mbwee m'matauni mwathu.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo ndithu. Pa sikelo sindinadikirepo kupitirira theka la ola. Kuchimbudzi kuli madzi ndi sopo nthawi zonse, ndipo amene munayendapo sikelo kwina mukudziwa kuti zimenezi si zazing'ono. BP ankandiyeza ulendo uliwonse, Fansidar ndinkamwera pamaso pawo, mapiritsi owonjezera magazi sanasowepo. Anesi a pa sikelo amakuyang'ana kumaso ukamalankhula. Chachikulu koposa, anandijambula sikani mimba ili ndi masabata 11, tsiku n'kulilemba bwinobwino m'buku la kuchipatala. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati angofuna ndalama ya sikaniyo. Kamzere kameneko kanadzandithandiza usiku wina, ndifikapo.

Matenda anandiyamba Lachinayi, mimba ili ndi masabata 29, ndili pa bolodi kulemba masamu a Sitandade 6. Mimba inalimba gwa, msana n'kumakoka ngati wina wamangapo chingwe. Zinasiya, zinabweranso, zinasiyanso. Uyu ndi mwana wachiwiri, choncho ululu umenewu sunali mlendo kwa ine, koma woyamba uja anabadwa masiku atakwana. Aphunzitsi aakulu anandiitanira njinga yamoto, ine ndinakana, ndinapita pa taxi.

Ku kiliniki anandilandira mwachangu. Anayeza malungo, anayeza mkodzo, zonse zinali bwino. Apa ndiwayamikire, pakuti malungo ndi matenda a m'chikhodzodzo ndi zina mwa zinthu zimene zimautsa mimba masiku asanakwane, ndipo sanalumphe zimenezo. Adokotala, bambo wachikulire wa mawu ofatsa, anandipima n'kunena kuti, "Mayi, njira yayamba kufewa koma sinatseguke. Tiyigwira mimbayi, musade nkhawa." Anandigoneka m'chipinda changachanga chokhala ndi TV ndi makatani a maluwa, anandiika diripi, ndipo ndinagona masiku awiri. Ululu unatha. Potuluka anandipatsa kathumba ka pulasitiki kaja ka zithunzi za dzuwa ndi mwezi, atalembapo ndi bolopeni kuti Salbutamol 4mg, limodzi katatu pa tsiku, kwa masabata awiri. Anawonjezera kuti ndizigona basi, ndisakweze ngakhale ndowa yopanda madzi.

Salbutamol ndinkamudziwa ngati mankhwala a mphumu, poti mwana wa achimwene anga amapopera. Ndinafunsa. Anesi anandifotokozera kuti mankhwalawa amafewetsa minofu ya njira za mpweya, ndipo amafewetsanso minofu ya chiberekero kuti chisiye kukungika. Zimenezo ndi zoona. Chimene sanandiuze n'chakuti amakwapulanso mtima.

Tsiku lachitatu ndili kunyumba, apongozi anandibweretsera tiyi m'kapu yokhala pa sosala. Ndinalandira ndi manja awiri monga mwa ulemu, koma kapu inayamba kulira pa sosala paja, kwekwekwe, tiyi n'kutayikira pa chitenje. Apongozi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana manja anga ngati a munthu wina. M'mawa ndinalephera kumanga mabatani a yunifolomu ya mwana wamkulu. Usiku ndinkamva mtima ukugunda m'makutu, phaphapha, ngati ndathamangira minibasi, chonsecho ndangogona tsiku lonse. Ndinaimba foni ku kiliniki. Anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti, "Zimatero amayi, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito."

Ndili ndi achemwali anga aakulu ku Britain. Anali mzamba kuno kwathu, anapita ndi gulu lija la anamwino limene linachoka zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo mpaka pano amagwira m'wodi ya amayi oyembekezera. Sindinafune kuwauza poyamba, chifukwa akayamba mafunso satha. Koma apongozi anawauza. Madzulo ake foni inalira pa WhatsApp.

"Iwe, tajambula kathumbako unditumizire."

Ndinajambula. Panapita mphindi imodzi chabe.

"Jakisoni wa mapapo akubaya angati?"

"Jakisoni wanji, achemwali?"

"Wa mapapo a mwana. Dexamethasone. Pa ntchafu kapena pa thako. Sanakubaye?"

"Ayi. Diripi yokha ndi mapiritsiwa."

Anakhala chete kanthawi, kenaka anapuma mpweya waukulu uja umene amayi athu ankapuma tikaswa mbale.

Zimene anandiuza usiku umenewo, ndi zimene ndinadzawerenga ndekha pambuyo pake ndili pa benchi ya ku nesale, chipinda chosamalira makanda osakwana masiku, ndi zimene zinasintha maganizo anga pa kiliniki ija. Ine ndinkaganiza kuti mankhwala oletsa matenda ntchito yake ndi kusunga mwana m'mimba mpaka mwezi wachisanu ndi chinayi. Si choncho. Mimba ikatsimikiza kuti ikutuluka, mankhwalawa amangoichedwetsa masiku ochepa. Phindu lake lili pa zimene azachipatala achite m'masiku ochepawo. Mwana wa masabata 29 kapena 31 mapapo ake amakhala asanakhwime, timatumba ta mpweya timamatana akamapuma. Jakisoni wa dexamethasone amene amabaya mayi amafulumizitsa mapapowo kukhwima, ndipo amaperekedwa kanayi, 6mg ulendo uliwonse, motalikirana maola 12. Kuti onse anayi alowe ndi kugwira ntchito pamafunika pafupifupi masiku awiri. Masiku awiri omwewo ndi okwanira kusamutsira mayi ku chipatala chimene chili ndi zipangizo zothandizira mwana wosakwana masiku. N'chifukwa chake nambala ya maola 48 imamveka kwambiri pakamwa pa azamba.

Za salbutamol achemwali anali ndi ukali wapadera. Mu 2013, bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linalamula kuti mapiritsi a salbutamol ndi anzake a mtundu umenewo asagwiritsidwenso ntchito poletsa matenda a amayi oyembekezera, chifukwa kuopsa kwake pa mtima ndi mapapo a mayi kumaposa phindu lake. Wa jakisoni kapena wa diripi anamusiya, koma osapitirira maola 48, ndipo mayi azikhala akuyang'aniridwa ndi madokotala. Ku America, bungwe lawo loona za mankhwala la FDA linali litachenjeza kale mu 2011 za terbutaline, m'bale wake wa salbutamol, pa zifukwa zomwezo. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE amene amatsatira ku Britain amati amayi apatsidwe nifedipine, ndipo mankhwala a gulu la salbutamol asaperekedwe pa ntchito imeneyi. Ine ndinkamwa katatu pa tsiku, ndili ndekha m'chipinda, wondiyang'anira ali apongozi amene chida chawo chinali pemphero ndi phala.

Ndinawauza kuti zimenezo ndi za kwa azungu, kuno timagwiritsa zimene zilipo. Anaseka. "Nifedipine ndi mankhwala a BP, iwe. Azakhali amamwa. Ali m'mafamase onse a m'tauni, ndipo si odula." Anawonjezera kuti bungwe la WHO, limene malangizo ake amalembedwa poganizira mayiko ngati athu, nalonso limatchula nifedipine yemweyo. Koma anandiletsa kusiya mapiritsi chifukwa cha mawu a pa foni. Anati ndibwerere ndikaonane ndi adokotala, ndikawafunse maso ndi maso.

Kufunsa dokotala wachikulire si chinthu chapafupi kwa munthu woleredwa monga ine. Ndinapita ndi bambo a kunyumba kuti andilimbitse mtima, koma iwo atangolowa anavula chipewa n'kukhala duu. Ndinayamba ndi kupepesa. Ndinati, "Adokotala, pepani, ine si wachipatala. Koma ngati aja anali matenda enieni, bwanji sindinabayidwe jakisoni wa mapapo a mwana? Ndipo ngati sanali matenda enieni, mapiritsiwa ndikumwera chiyani?"

Funso limeneli ndinalikonza usiku wonse, ndipo mpaka lero ndikuona kuti ndi pamene pagona nkhani yonse. Jakisoni wa mapapo sabayidwa mwachisawawa, amafuna kuti azachipatala akhale akuona kuti mwana akhoza kubadwa m'masiku asanu ndi awiri akubwerawo. Mwina adokotala anaona kuti njira yotseka ija sikusonyeza zimenezo, ndipo mwina analondola. Koma ndiye mankhwala oletsa matenda analibe ntchito. Mbali zonse ziwiri sizingakhale zoona nthawi imodzi.

Sanakwiye, ndiwapatse ulemu umenewo. Anamwetulira n'kunena kuti akhala akupereka mankhwalawa zaka zambirimbiri, ndipo amayi ochuluka afika nawo mpaka masiku kukwana. Anandigwira pamkono, anawerenga kugunda kwa mtima akuyang'ana wotchi, nkhope inasintha pang'ono, ndipo anati ndisiye kumwa. Za jakisoni anati tiona ululu ukabweranso.

Mawu awo aja ndawaganizira nthawi yaitali, chifukwa sankanama. Amayi ambiri amene amabwera ndi ululu masiku asanakwane, ululuwo umatha wokha, ndipo amadzachira nthawi yake itakwana, kaya amwa mankhwala kaya sanamwe. Dokotala amene amapereka mapiritsi kwa aliyense amaona amayi ambiri akubwerako ndi makanda onenepa, akumuthokoza, ena atanyamula nkhuku. Iye angakayike bwanji mapiritsi ake? Amene zinawavuta sabwerako, amakathera ku chipatala chachikulu, ndipo iye samva n'komwe. Komanso mabuku enieniwo amasintha. WHO mu 2015 sinkalimbikitsa mankhwala oletsa matenda kwa amayi onse, inkangoti akafunika kuti jakisoni alowe kapena mayi asamutsidwe, nifedipine ndiye wabwino. Mu 2022 inasintha n'kuvomereza nifedipine kuyambira masabata 24 mpaka asanakwane 34, pokhapokha masiku a mimba akudziwika bwino, mayi sakutaya magazi, mulibe matenda m'chiberekero, ndipo pali malo osamalira mwanayo akabadwa. Munthu amene anaphunzira kalekale, n'kumagwira ntchito yekha m'kiliniki yake popanda anzake omutsutsa pa raundi ya m'mawa, akhoza kutsalira osadziwa kuti watsalira. Ndikumvetsa. Koma pa risiti sanandichotsereko kanthu chifukwa cha kutsalirako.

Ululu unabweranso mimba ili ndi masabata 31 ndi tsiku limodzi, cha m'ma 11 koloko usiku, ndipo ulendo uno sunali wosewera. Tinathamangira ku kiliniki konkuja poti ndi pafupi. Adokotala kunalibe. Anesi a usiku, mtsikana wamng'ono ndithu, anandipima, anavula magolovesi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, njira yatseguka. Kuno tilibe nesale, tilibe makina othandiza mwana kupuma. Ndikulemberani kalata, pitani ku chipatala chachikulu pompano." Mtsikana ameneyu ndiye chinthu chabwino koposa chimene ndinapeza pa kiliniki ija. Akanatha kundigoneka m'chipinda cha makatani chija kudikira kuti kuche. Koma ambulansi panalibe, ndipo jakisoni woyamba wa mapapo, amene akanatha kundibaya ndisananyamuke, anati mu kabati mulibe. Bambo a kunyumba anadzutsa mnzawo woyendetsa Sienta, ndipo ndinayenda ulendo wonse nditagwada pampando wakumbuyo.

Ku chipatala chaboma simupita kukaona matailosi. M'wodi munali modzaza, amayi ena pa matiresi pansi, fungo la Jik ndi la thukuta, kuwala kwa getsi limodzi lophethira. Mzamba amene anandilandira sanamwetulire ngakhale kamodzi. Anatenga buku langa, anatsegula masamba mofulumira mpaka anapeza sikani ija ya masabata 11, anawerengetsa pa kagudumu kawo ka pepala, n'kunena yekha kuti, "31 ndi limodzi." Kenaka mafunso, mofulumira ngati wapolisi wa pamsewu. Nsupa yasweka? Magazi mwaona? Thupi latentha? Mwana akusewera? Anandiyeza kutentha, anayeza BP, anamvetsera mtima wa mwana. Nthawi imeneyo ndinkangoti mayi ameneyu ndi wouma mtima. Pambuyo pake ndinazindikira kuti funso lililonse linali ndi chifukwa. Mayi amene akutaya magazi kapena amene ali ndi matenda m'chiberekero sapatsidwa mankhwala ochedwetsa, chifukwa pamenepo mwana amakhala pangozi yaikulu m'kati kusiyana ndi kunja.

Za masabata nazonso si mwambo chabe. Kafukufuku wina amene zotsatira zake zinatuluka cha m'ma 2015, wochitikira m'mayiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Zambia, anapeza kuti kumwaza jakisoni wa mapapo m'zipatala zing'onozing'ono, kumene masiku a mimba ankangoyerekeza, kunabweretsa imfa zambiri za makanda m'malo mozichepetsa. Wina wa WHO wa mu 2020, wochitikira m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, India, Pakistan ndi Bangladesh kumene masiku ankatsimikiza ndi sikani ndipo ana anali ndi chisamaliro, anapeza kuti jakisoni yemweyo amapulumutsa. Mankhwala amodzi, zotsatira ziwiri. Ndiye kamzere kaja ka m'buku langa, kolembedwa ku kiliniki imene ndikuidandaulayi, ndi kamene kanachititsa kuti mzamba uja asazengereze.

Pasanathe theka la ola ndinali nditameza nifedipine ndipo thako likuwawa ndi jakisoni woyamba. Mzamba analemba nthawi zinayi pa chikuto cha faelo ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuuza apongozi, amene anali gadiyani wanga, kuti, "Agogo, ikakwana 1 koloko masana mubwere mudzandikumbutse, kapena amene mudzamupeze. Musachite manyazi." Apongozi sadziwa kuwerenga bwino, koma wotchi amaidziwa. Jakisoni wachitatu akanachedwa chifukwa anesi anali awiri okha wodi yonse ndipo wina anali ku fiyeta, koma gogo uja anakaima pakhomo la ofesi ndi chitenje chake mpaka wina anatuluka ndi sirinji.

Nifedipine naye si shuga. Mutu unkawawa, nkhope inkatentha, ndipo ndikadzuka mofulumira ndinkaona chizungulire, chifukwa amatsitsa BP. Ankandiyeza pafupipafupi. Koma manja sananjenjemere. Atakwana masiku awiri, dokotala wachitsikana amene ankayenda ndi gulu la ophunzira anaima pa bedi langa n'kunena kuti majakisoni atha, mapiritsi aja akusiya. Ndinachita mantha, ndinapempha kuti apitirize. Anandiyankha kuti, "Amayi, chimene timafuna tachipeza. Akafuna kubwera tsopano, abwere, tamukonzekera." M'modzi wa ophunzira anafunsa kanthu pa Chingerezi, anakambirana pang'ono, wina anatsegula foni kuyang'ana, n'kugwirizana. Zimenezo ku kiliniki kuja sindinazionepo, munthu kufunsidwa ndi mnzake pamaso pa wodwala.

Mwana anadikira masiku ena awiri. Matenda atayambiranso mwamphamvu anandipatsa magnesium sulphate, amene amaperekedwa mimba isanakwane masabata 32 pofuna kuteteza ubongo wa mwana. Amene munalandirapo mankhwala amenewa mukudziwa, thupi lonse limayaka ngati wakhala pafupi ndi ng'anjo ya njerwa. Anabadwa m'bandakucha, mtsikana, wolemera 1.6kg, kulira kwake ngati kamwana ka mphaka. Ndinangomuona kamphindi, anathamanga naye ku nesale.

Anakhala masiku anayi pa makina othandiza kupuma a CPAP, aja okhala ndi botolo la madzi lobwata thovu, timachubu tili m'mphuno. Pa makinawo panalembedwa kuti Pumani, ndipo ndinamva kuti anapangidwa mogwirizana ndi madokotala a konkuno ku Malawi ndi a yunivesite ya Rice ya ku America. Dzinalo ndinkaliwerenga ngati pemphero. Kenaka tinasamukira ku chipinda cha kangaru, mwana pachifuwa usana ndi usiku, womangidwa ndi chitenje, kumwetsa mkaka wofinya ndi kakapu maola awiri aliwonse. Tinali amayi ambiri m'chipindamo, ndipo sizodabwitsa, poti lipoti la padziko lonse la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, ana 18 pa 100 aliwonse. Usiku tinkacheza motsitsa mawu. Awiri mwa amayi amenewo anandiuza kuti nawonso anapatsidwa timapiritsi tonjenjemeretsa kwina asanafike kuno. Mmodzi anamwa mwezi wathunthu.

Kodi jakisoni uja ndiye anapulumutsa mwana wanga? Palibe angalumbire pa mwana mmodzi. Chimene ndikudziwa n'chakuti mimba ija ikanatuluka usiku wa Lachinayi loyamba lija, kapena tsiku lililonse mwa masiku amene ndinkagwetsa tiyi, mwanayo akanabadwa mapapo ake osathandizidwa, m'nyumba yopanda nesale, ine nditalipira ndalama imene tinkasungira malata.

Tsono kwa amene mumandifunsa: pa sikelo, pa sikani, pa kuyezetsa magazi, pitani, simudzadandaula, ndipo anthu ake ndi aulemu kuposa kulikonse kumene ndinapitako. Koma mimba ikayamba kuwawa masiku asanakwane, kumeneko si malo ake, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti iwo eni sananene zimenezo tsiku loyamba. Funsani musanagone pa bedi lawo ngati ali ndi nesale. Akakupatsani mankhwala oletsa matenda, funsani dzina lake, masiku angati, ndiponso za jakisoni wa mapapo. Safunsa anadya phula, ine ndinadya salbutamol masiku asanu ndi limodzi.

Ndinabwererako kamodzi mwana ali ndi miyezi itatu, kukathokoza anesi a usiku aja. Anzawo anandiuza kuti anasiya ntchito, anapita kukapitiriza maphunziro a uzamba. Adokotala anatuluka, ananyamula mwana, anamuseweretsa, n'kunena mokondwa kuti, "Mwaona mayi, tinaigwira mimba ija." Sindinayankhe, ndinangomulandira mwanayo.

Mwezi watha mlamu wanga wamng'ono anandiuza kuti ndi woyembekezera. Ndinamuperekeza ku kiliniki komweko kukajambulitsa sikani yoyambirira, ndipo tsiku analilemba bwinobwino monga kale. Tili mu minibasi pobwerera ndinamubwereka bukulo, ndinatsegula chikuto cha kumbuyo, n'kulembapo nambala ya foni ya bambo uja wa Sienta.